Mayi Kamtedza Atsogola

Ufumu wa Tidzaona uli kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anatopa asanawafike. Likulu lake ndi mzinda wa Kumaso, kumene nyumba za boma zimapakidwa laimu mbali yoyang'ana kumsewu yokha. Pa nthawi ya nkhani ino ufumuwu unkalamulidwa ndi Mfumu Ndamvakale, imene inali ndi mphatso yomvetsa nkhani isanathe. Munthu akangoyamba kunena kuti, "Mfumu, kwathu mlatho...", mfumu inkakweza dzanja n'kuyankha kuti, "Ndamva kale," ndipo pasanapite nthawi akuluakulu ankanyamuka kukatsegulira mlatho umene unali utakokoloka ndi madzi.

Chaka china ana analephera mayeso koopsa. Wailesi ya ufumu, imene inazolowera kuwerenga maina a okhoza kuyambira m'mawa mpaka masana, inamaliza ntchitoyo madzi a tiyi asanawire, n'kuyamba kuika nyimbo za fuko. Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna.

Woyamba kuimirira anali a Bwerezani, Nduna ya Maphunziro. Bamboyu anakwera pa udindo chifukwa cha luso limodzi: ankadziwa kubwereza mawu a mfumu ndi liwu lokoma kuposa la mwini wake.

"Mfumu, tafufuza," anatero a Bwerezani. "M'sukulu zathu mulibe mabuku, mulibe choko, madenga ena anapita ndi mphepo, ndiponso pena pakuchepa utsogo..."

"Ndamva kale," inatero mfumu. "Utsogoleri."

Mwa zonse zimene zinatchulidwa, mfumu inakonda chomalizacho chifukwa n'chokhacho chimene sichinkafuna galimoto yochinyamula.

"Nanga mtsogoleri ndi munthu wotani?" inafunsa.

Nduna zonse zinayang'ana nsapato zawo. A Bwerezani, poona kuti palibe mawu oti abwereze, anakakamizika kupeka awo. "Mtsogoleri, mfumu, ndi munthu amene ali patsogolo."

"Ndiye aphunzitseni kukhala patsogolo."

Tsiku lomwelo linatuluka lamulo. Aphunzitsi aakulu onse, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, apite ku Kumaso kukaphunzira utsogoleri. Wokhoza adzalandira ndodo ya mutu wamkuwa. Sukulu iliyonse imene idzapezeke yopanda mphunzitsi wamkulu wa ndodo idzatsekedwa, popeza ana opanda mtsogoleri angathe kusochera ali m'kalasi momwemo.

Lamuloli linafika mochedwa kudera la Kumbuyo, kumene msewu wa ufumu umathera pa chitsa cha mtengo wa mkuyu. Kumeneko kunali sukulu imodzi yokha, ndipo mphunzitsi wamkulu wake anali Mayi Delifa Kamtedza. Mayiwa anaipeza sukuluyo ili mthunzi wa mitengo ya mango. Anaumba njerwa ndi makolo, anapempha udzu khomo ndi khomo, ndipo aphunzitsi amene boma linkawatumiza kumeneko ngati chilango, iwo ankawanyengerera ndi maungu mpaka azolowere. Sukulu ina yapafupi inali kutsidya kwa mtsinje wa Nkokolola, umene nthawi ya dzinja sulola ngakhale ng'ombe kuwoloka. Aliyense ku Kumbuyo ankadziwa kuti sukulu yawo ikatsekedwa, ana awo sadzapita kutsidyako. Adzangokhala pakhomo.

Amuna awo a Mayi Kamtedza, a Zuze, anali okhoma zidebe. Anawaperekeza mpaka pa chitsa paja atawanyamulira chikwama.

"ANangondo," anatero a Zuze, powatchula ndi mfunda wawo, "zaka zonsezi mumatani pasukulupo? Ine ndimayesa mumatsogolera."

"Ndimangoyendetsa sukulu, abambo. Kutsogolera n'kwina, kuli ndi ndodo yake."

"Ndodo bwenzi nditakusemerani ine."

"Yanuyo ilibe mkuwa. Mukamwetse nkhuku."

Ku Kumaso maphunziro ankachitikira m'chinyumba chachikulu pafupi ndi nyumba ya mfumu, ndipo a Bwerezani ankaphunzitsa okha. Aphunzitsi aakulu a m'tauni anakhazikidwa pa mipando ya khushoni. A kumudzi anapatsidwa njerwa, kuti asaiwale malo awo a ntchito.

"Phunziro loyamba," anatero a Bwerezani, "ndiponso lalikulu kuposa onse: mtsogoleri sayang'ana kumbuyo. Bwerezani."

Onse anabwereza. Mayi Kamtedza anakweza mkono.

"Pepani bwana, sukulu yanga ili ku Kumbuyo."

"Ndiye musayang'aneko, mayi."

Maphunziro anagawidwa mwanzeru. A m'tauni anaphunzira kukhala pa mpando wakutsogolo m'galimoto, kupeza mzere woyamba pa msonkhano ngakhale utabwera mochedwa, ndi kuima pa chithunzi motchinga wachiwiri wako. A kumudzi anaphunzira zomwezo, koma popanda galimoto, popanda mipando ndiponso popanda wojambula. Panali tsiku lapadera la mafunso, ndipo Mayi Kamtedza anafunsa zimene zinkawasowetsa mtendere.

"Bwana, makalasi ena kwathu amaphunzira pansi pa mtengo. Mvula ikayamba phunziro lili pakati, mtsogoleri achite chiyani?"

"Athawe patsogolo," anayankha a Bwerezani, ndipo ena analemba yankholo.

Vuto linabuka pa chakudya. M'chinyumbamo munali atsogoleri okhaokha, opanda wotsatira ndi mmodzi yemwe, choncho mzere unkakanika kupangika. Belu likalira onse ankathamangira pa khomo la chipinda chodyera n'kuthinana pamenepo, mapewa kukanikizana, mataye kukolana, mpaka nyama kuzizira. Amene ankapambana kawirikawiri anali a Golideni Chimtengo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya m'tauni, chifukwa mimba yawo inkalowa m'chipindamo eni ake akali panja. Mayi Kamtedza ankadikira phokoso lithe, n'kudya zotsala. Kumeneko n'kumene anazolowerana ndi a Chimtengo, amene ankakhala akubwereza mbale.

"Madamu, kwanu kumeneko magetsi aliko?"

"Aliko, achimwene, nthawi ya dzinja. Amabwera ndi bingu."

"Inu mukupuma kumeneko. Kwathu ana m'kalasi amadzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi amalowera pawindo. Ukamudzudzula mwana, madzulo bambo ake akuimbira foni, ndipo bambo akewo ndi nduna."

"Ndiye mwafunsa kuti muzitani?"

"Ndifunsirenji? Ndikapatsidwa yankho ndiyenera kuligwiritsa ntchito."

Maphunziro atatsala pang'ono kutha, a Bwerezani analengeza za mayeso. Sadzakhala olemba. Aphunzitsi aakulu onse adzanyamukira m'bwalo la nyumba ya mfumu n'kuyenda mu Msewu Waukulu. Wocheuka walephera. Otsalira kumapeto alephera. Ena onse adzalandira ndodo. Koma amene adzakhale patsogolo pa onse adzalandira mphotho yoposa: adzachotsedwa kumene ali n'kupatsidwa sukulu yapamwamba ya mu Kumaso, pamodzi ndi nyumba ya mpopi wa m'kati.

A kumudzi anayamba kudzola mafuta m'mawondo. Mayi Kamtedza okha ndiwo anakhala pa njerwa yawo akusinkhasinkha. Akatsalira, alibe ndodo, sukulu itsekedwa. Akapambana, atengedwa kupita m'tauni, ndipo palibe munthu wa ndodo amene angavomere kupita ku Kumbuyo, sukulu itsekedwabe. Chimene chinkafunika chinali kukhala pakati, malo amene maphunziro onse aja sanawatchulepo.

"Achimwene," anawauza a Chimtengo, "pa mayesowa mundipitirire."

"Madamu, ine chibadwire sindinatsalirepo kumbuyo kwa munthu wa kumudzi. Mtima m'malo."

Tsiku la mayeso mfumu inabwera yokha kudzayambitsa. A Bwerezani anaimirira kuti afotokoze malamulo omaliza.

"Ulendowu uyambira pano, udutsa pa chipata chachikulu, ndipo ukathera pa..."

"Ndamva kale," inatero mfumu. "Yambani."

Wapolisi analiza wezulo. Atsogoleri onse anathamangira pa chipata chachikulu nthawi imodzi, ndipo monga anaphunzirira pa khomo la chipinda chodyera, anathinana pamenepo ngati chimanga pakamwa pa chigayo. A Chimtengo anali pakati penipeni, mimba ili kunja kwa mpanda, miyendo ili m'kati. Mayi Kamtedza, amene sankafuna kulimbirana ndi munthu, anali ataima kumbali, pafupi ndi kachipata kolowera ophika. Anatulukira pamenepo, nalowa mu Msewu Waukulu, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, mutu pansi, kudikira kuti anzawo awapitirire.

Palibe anawapitirira. Phokoso linkachepa kumbuyo kwawo, koma kucheuka kunali kulephera. Anachepetsanso liwiro. Koma kuyenda pang'onopang'ono kwa mayi wa ku Kumbuyo, amene amapita kuchigayo m'mawa n'kubwerako dzuwa lili pamutu, n'kuyenda ndithu. Nyumba za laimu zinatha, zinayamba za njerwa zosawotcha. Phula linatha. Mayiwa ankangoti mwina malire ali kuseri kwa chitunda chinacho.

Masana a Bwerezani anakalowa kwa mfumu kukapereka zotsatira, akupukuta thukuta, pakuti akalipentala anali akugumulabe chipata kuti atulutse atsogoleri.

"Mfumu, ndabwera ndi nkhani ya Mayi Kamtedza a ku Kumbuyo. Mayi aja atsogola..."

Mfumu inakweza dzanja, kenaka inavula chisoti.

Anthu a ku Tidzaona ndi aulemu pa chiyankhulo. Kumeneko mbuzi ndi imene imafa. Munthu amatsogola, ndipo otsala amati tonse tili m'njira yomweyo.

"Ndamva kale," inatero mfumu ndi liwu lotsika. "Anali mayi wabwino."

A Bwerezani anatsegula pakamwa kuti akonze nkhani. Koma pakamwapo panali patazolowera ntchito ina.

"Anali mayi wabwino," anatero, ndi liwu lokoma kwambiri.

Mfumu Ndamvakale inkakonda maliro. Inkati mwa anthu ake onse, akufa okha ndiwo amamvetsera mawu ake mpaka kumapeto popanda kupempha kanthu. Inaitanitsa a wailesi nthawi yomweyo.

Dzuwa litapendeka, Mayi Kamtedza anafika pa msika wa Pakatimpakati, mapazi atatupa. Anakhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa mbatata yootcha, dzina lake Nachisale, n'kuonetsetsa kuti nkhope yawo ikuyang'anabe kumene ankapita. Pafupi panali telala, a Sikelo, amene anapachika wailesi pa msomali. Nyimbo zachisoni zinaduka, ndipo linamveka liwu la mfumu.

Mfumu inati ufumu wataya mwana wake wamkazi, Mayi Delifa Kamtedza, amene watsogola ali pa ntchito yophunzira kutsogolera. Inati inkawadziwa bwino mayiwa, ndipo kawirikawiri inkawaganizira. Inalamula kuti sukulu ya ku Kumbuyo itchedwe dzina la malemuwo, ifoleredwe ndi malata, ndipo isadzatsekedwe nthawi yonse imene dzuwa likutuluka, kaya kuli ndodo kaya kulibe. Bokosi la mlombwa ndi lole ya boma zinali zokonzeka kale kutengera thupi kumudzi.

"Wamwalira ndani?" anafunsa wogulitsa makala, amene anafika nkhani ili pakati.

"Ahedi ena ake a ku Kumbuyo," anayankha a Sikelo, ulusi uli pakamwa.

"Ku Kumbuyo kulinso sukulu?"

"Kuli. Mfumu nayo yaidziwa lero."

"Akuti aika malata," anatero Nachisale akutembenuza mbatata. "Ndiye amwalira bwino mayiwo. Ife denga la msika uno linagwa mwana wanga woyamba ali kumsana. A Sikelo, inu mwakalamba kale, bwanji osadzipereka?"

"Telala akafa sabweretsa malata, mlongo. Mwina chigamba."

Mayi Kamtedza anaika pansi mbatata imene ankadya.

"Pepani anthuni," anatero. "Mayi Kamtedzayo ndine."

Makina a a Sikelo anaima. Nachisale anawayang'ana mayiwo kuyambira ku duku mpaka ku mapazi otupa, kenaka anasankha mbatata ina yaikulu n'kuwapatsa.

"Idyani kaye, malemu. Kumene mukupitako sitikudziwa ngati amaotcha."

Mayiwa anafotokoza zonse, za ndodo, za chipata, za malire amene sanawapeze. Anthu anamvetsera mopanda kudabwa kwenikweni, pakuti anabadwira mu ufumu womwewo.

"Ndiyenera kubwerera ndikawauze kuti ndili moyo."

"Muli ndi umboni?" anafunsa a Sikelo.

"Umboni wanji, bambo? Si ndine ndakhala panoyu?"

"Inu ndinu munthu mmodzi, mayi. Wailesi yamveka dziko lonse."

"Komanso kubwerera ndibwerera bwanji? Anati wocheuka walephera."

"Musacheuke. Tembenukani thupi lonse nthawi imodzi, kumbuyo kusanduke kutsogolo. Nduna zathu zimatero chaka chilichonse."

Chimene chinkawapweteka kwambiri Mayi Kamtedza chinali a Zuze. Ankawaona m'maganizo atakhala pakati pa zidebe zawo, nyundo ili pansi, wailesi ili pa mwendo. Mwamwayi pamsikapo panali mayi wina wogula mchere amene kwawo kunali kufupi ndi Kumbuyo.

"Amayi, mukafika mukawauze a Zuze okhoma zidebe kuti asalire kwambiri. Ndikubwera."

Wamakala uja anawakweza pa ngolo, pamwamba pa matumba ake, ndipo m'mawa mwake anafika nawo ku Kumaso akuda bii ngati atulukadi pansi.

M'bwalo la mfumu mwambo wa maliro unali pakati. Bokosi la mlombwa linali pa tebulo, lotseka, pakuti a Bwerezani anauza aliyense kuti nkhope ya malemu si yoti n'kuionetsa. Kwaya inali itaimba kale. Aphunzitsi aakulu, amene onse analandira ndodo zawo chifukwa palibe amene anacheuka pa chipata paja, anali kulimbirana mzere woyamba. A Chimtengo anali kuyankhula m'malo mwa anzawo a malemu.

"Anali ngati mlongo wanga," ankatero, mpango uli m'maso. "Mawu awo omaliza kwa ine anali akuti, achimwene, mundipitirire. Sindinadziwe kuti akutsanzika."

Apo n'kuti Mayi Kamtedza akulowa pa kachipata ka ophika. Kwaya inabalalika mwaulemu, oimba besi patsogolo. A Chimtengo anatsitsa mpango.

"Madamu, mwandionongera mawu. Ndinali nditafika pokoma."

A Bwerezani anawathamangira mayiwo n'kuwakokera kuseri kwa nsanamira. Kwa nthawi yoyamba pa ntchito yawo anayankhula mawu awoawo ambiri motsatizana.

"Mayi, mundimvere chisoni. Mukakhala moyo ndiye kuti mfumu inalakwitsa, ndipo zimenezo sizinachitikepo. Wolakwa adzakhala amene anabweretsa uthenga."

"Ndiye mukuti nditani, bwana? Moyo ndili nawo."

"Sindikukana. Mukaumirira, ndi ufulu wanu. Mwapambana mayeso, sukulu ya m'tauni ndi yanu, nyumba ya mpopi ndi yanu. Ine ndikalima fodya."

"Nanga malata a ku Kumbuyo?"

"Malatawo ndi a malemu."

"Nanga lonjezo loti sukulu sidzatsekedwa?"

"La malemunso. Wamoyo sanalonjezedwe zimenezo. Inu mukabwera m'tauni, ku Kumbuyo kulibe ndodo, ndipo lamulo mukulidziwa."

"Ndikakhala malemu?"

A Bwerezani anayang'ana pansi. "Dzina lanu lichoka pa ntchito ya boma. Kulibe malipiro, kulibe kukwezedwa, kulibe penshoni. Boma silidzakudziwaninso."

"Kodi linkandidziwa?"

Pa nthawiyo mfumu inali itaona kuti anthu asiya kuyang'ana iyo.

"Kodi mayi akudawo ndani?" inafunsa. "Abwere kuno."

Kuchokera pa nsanamira kufika pamene panali mfumu sipanali patali, koma Mayi Kamtedza anayenda mtunda umenewo movutika kuposa msewu wa dzulo lake. Anaganiza za mpopi wa m'nyumba. Mawondo awo anali atayamba kudandaula ndi chitunda cha kuchitsime, ndipo ukalamba wopanda penshoni ankaudziwa, anauona pa mayi awo. Zidebe za a Zuze zikanayenda malonda m'tauni. Anaganizanso za mtsinje wa Nkokolola mwezi wa Januwale, madzi ofiira akunyamula mitengo yathunthu, ndi ana a sitandade wani ataima pagombe, makope ali m'mapepala a shuga.

Anagwada.

"Mfumu, ine ndine malemu Delifa Kamtedza. Ndabwera..."

"Ndamva kale," inatero mfumu, nkhope ikuwala. "Mwabwera kudzathokoza. Mwaona, nduna? Ndaika anthu ambiri mu ufumu uno, koma wobwera kudzayamika ndi uyu yekha."

"Ndi uyu yekha," anatero a Bwerezani, ndipo liwu lawo linali lisanakomepo chotero.

Mfumu inawerama pang'ono, mwachidwi. "Kuli bwanji kumeneko, mayi?"

"Kuli ngati kwathu ku Kumbuyo, mfumu. Boma..."

"Amaliyamikira. Ndamva kale. Pali chimene mukufuna pa ulendo wanu?"

Mayi Kamtedza anali ataona, pa masiku a maphunziro aja, chipinda china kuseri kwa ofesi ya nduna, mmene munali mabuku ndi makatoni a choko ofika kudenga. Zinthuzo zinkadikira galimoto kuyambira kalekale, ndipo chiswe chinali chitafika kale pa masamu a sitandade sikisi.

"Kwathu, mfumu, mlimi amapita ndi khasu lake. Ine ndinali mphunzitsi."

A Bwerezani sanadikire kuti mfumu imve kale. Anatuma amesenjala, ndipo bokosi la mlombwa linadzazidwa mabuku mpaka chivundikiro kukana kutseka. Otsala anawaika pambali pake, pamodzi ndi choko ndi malata. Ndodo ya mutu wamkuwa anaigoneka pamwamba ngati nkhata ya maluwa. Onyamula bokosi anadandaula kuti malemu anali ooneka ochepa thupi koma olemera.

A Chimtengo anafika pa lole mayiwo akukwera.

"Madamu, ndiye kuti ku misonkhano ya unduna simudzabweranso?"

"Akufa saitanidwa, achimwene."

"Gawo lachiwiri la maphunzirowa likuyamba mwezi wamawa. Akuti tidzaphunzira kuloza kutsogolo ndi ndodo." Anayang'ana bokosilo kwa kanthawi. "Mulibe malo a awiri mmenemo?"

Loleyo inali galimoto yoyamba ya boma kufika pa chitsa cha mkuyu, ndipo inachizungulira n'kupitirira mpaka pasukulu, zimene akatswiri a misewu ankati n'zosatheka. Anthu a ku Kumbuyo anali atasonkhana pakhomo pa a Zuze. Uthenga wa mayi wa mchere unali utafika, koma wa wailesi unafika poyamba, choncho anagwirizana zomvera onse awiri: ankalira, koma osati kwambiri. Ataona Mayi Kamtedza akutsika kumbuyo kwa lole, amayi ena anakhala pansi, ena anayamba kuseka misozi ili m'masaya, ndipo amuna amene anali atayamba kukumba kumanda anafunsa ngati dzenjelo lingagwire ntchito ina. Linasanduka chimbudzi cha aphunzitsi, ngakhale kuti chili patali pang'ono.

A Zuze anaima pambali pa gulu. Anadikira mpaka anthu atapita kukatsitsa malata, n'kuwagwira akazi awo pa mkono, ngati munthu woyesa chidebe ngati chikudontha.

"ANangondo, ndinuyo?"

"Ndine, abambo."

Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, pakuti iwo sanali mfumu.

"Ndiye ine tsopano ndine wamasiye?"

"Ku boma, inde. Pakhomo pano musayerekeze."

"Nanga malipiro?"

"Akufa salandira."

A Zuze anayang'ana nkhokwe yawo, imene sinali yodzaza.

"Ndizikhoma zambiri," anatero. "Zidutswa za malatawo asataye."

Mwezi wotsatira aphunzitsi aakulu onse a mu Tidzaona anabwerera ku Kumaso kukaphunzira kuloza, ndipo atamaliza anaitanidwanso kukaunika mmene kulozako kunayendera. M'tauni ndi kumudzi komwe, maofesi a ahedi anali otseka, ndodo zokha zitatsamira pakhoma. Mu ufumu wonse munatsala mphunzitsi wamkulu mmodzi yekha amene ankapezeka pasukulu pake tsiku lililonse, ndipo ameneyo boma linali litamuika m'manda ndi ulemu wonse.

Lolemba loyamba denga latsopano litakhomedwa, Mayi Kamtedza anamenya chitsulo cha belu okha, nalowa m'kalasi la sitandade eyiti atanyamula mabuku onunkhira mlombwa. Ana anaimirira monga mwa masiku onse, koma moni unawakanika. Makolo anali atawachenjeza kunyumba kuti asalakwitse pakamwa, chifukwa mawu amodzi olakwika angathe kuchotsa malata pamutu pawo. Anayang'anana. Kenaka mtsikana wina wa kumzere wakumbuyo anayambitsa, ndipo kalasi lonse linatsatira ndi liwu limodzi.

"Mwadzuka bwanji, malemu?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu," anayankha Mayi Kamtedza. "Khalani pansi. Aliyense atenge buku lake."